Ndalembedwa mitala chifukwa cha usipa wa sukulu

Aphungu,

Ndikulembera inu chifukwa kuno ku Chiwanga palibenso amene angandimvetsere mpaka kumapeto osaseka. Ndine bambo wobatizidwa, mkulu wa mpingo, ukwati wanga ndi wa pa tchalitchi, ndipo moyo wanga wonse ndakhala ndi mkazi mmodzi yekha, amake Isaka. Koma lero m'buku la msonkho la Kampani yolamulira dziko lino ndalembedwa kuti ndili ndi akazi awiri, ndipo amene ananena zimenezi ndine ndemwe, ndi pakamwa pangapa. Mkazi weniweniyo wabwerera kwawo ku Meluluca. Mundithandize, mutu waima.

Nkhani inayamba ndi sukulu. A Padiri anatiuza kuti mphunzitsi atipatsa, bola ifeyo timumangire nyumba, tizimudyetsa, ndiponso tigule masileti a ana. Kumanga tinamanga, mitengo ndi udzu n'zosagula. Koma masileti ndi chimanga cha mphunzitsi zinatikanika. Tinayendetsa mbale m'tchalitchi, inabwerako ndi mabatani, mbedza yothyoka ndi dzira limodzi loti ngakhale mwini wake ankalikayikira. Wina anati tifulule mowa tigulitse. A Padiri anangomuyang'ana, iye n'kukhala pansi. Mkhristu wa kunyanja kuno, Aphungu, amaimba mokweza kwambiri pa nthawi ya chopereka, maso atatsinzina, kuti mbale imudutse ali mkati mwa mzimu.

Ndiye ine ndinabwera ndi nzeru. Ndinati ndalama tilibe, koma usipa tili nawo. Bwato lililonse likakocheza lizitapako mbale imodzi, ya sukulu. Tiziufutsa, tiziuyanika, tiziunjika, ndipo anthu a kumtunda ku Maniamba akatsika ndi chimanga chawo tidzasinthane nawo. Wotsala tidzagulitse kwa a pa sitima ya panyanja, tipeze za masileti. Zinayenda bwino moti ndinayamba kuyenda modzimva. Msodzi woti sangaponye kakobiri m'mbale ya Mulungu amatapa usipa mosaumira, makamaka anzake akamamuyang'ana.

Usipa utachuluka ndinaumangira kanyumba kuseri kwa nyumba yanga, kozira bwino, kofolera bwino, chitseko chake cha thabwa la bwato lakale. Ndinaikapo loko amene ndinabwera naye kuchokera ku utengatenga nthawi ya nkhondo ya Jeremani. Lokoyo ndinaikira akuba, komanso, ndinene zoona, ndinaikira amake Isaka. Ndi munthu wabwino, koma dzanja lawo silidziwa kufumbata. Abale awo akabwera ndi dengu lopanda kanthu sabwerera nalo chomwecho. Sindinawauze zimenezi. Ndinangomangirira mfungulo pa chingwe cha mtanda wanga wa m'khosi, n'kumati ndi lamulo la akulu a mpingo.

Wofutsa anali a Rakele, mayi wamasiye wa mumpingo mwathu, amene usipa wawo umauma osaphwanyika mimba. M'mawa uliwonse ndinkawatsegulira, iwo n'kusonkha moto pakhomo pa kanyumbako, kutereka mphika waukulu, kusesa, kutulutsa usipa kukayanika, dzuwa likapendeka n'kuulowetsa. Masiku ena ndikamapita kunyanja ndinkawasiyira mfungulo.

Tsiku lina kunabwera a Leonardo, kapitawo wowerenga nyumba za msonkho, ndi asilikali ake aja timati asipayo. Mukudziwa mmene amawerengera: mkazi aliyense nyumba yake, nyumba iliyonse msonkho wake. Anaona kanyumba, anaona utsi, anaona mayi akusesa pakhomo. Anandifunsa pamaso pa anthu onse, amake Isaka ali chiimire ndi mtsuko pamutu, kuti, "Senyoro Barnaba, iyi ni nyumba ya mkazi wanu wachiwiri?"

Aphungu, ndinali nditamva kwa anyamata a pa sitima kuti munthu akapezeka ndi katundu wambiri wa malonda amafunsidwa chikalata cha sitolo, ndipo akapanda nacho katunduyo amapita ku posito, ku ofesi ya boma ku Metangula, osabwerako. Kaya n'zoona kaya n'zabodza sindinafunsepo. Ndinangoona m'maganizo mwanga usipa wa ana ukukwera pamitu ya asipayo. Ndinati msonkho wa nyumba imodzi ndingaupirire, ndiye ndinayankha kuti, "Eya, bwana." A Leonardo analemba, anandiyamikira kuti ndine mwamuna wamphamvu, n'kupitirira.

Tsache la a Rakele linandipeza pamsana asipayo asanakhote n'komwe. Anati, "Amuna anga anapita ali munthu wa ulemu wake, lero ine nikwatiwe na inu, a miyendo ya kakowa?" Chiyambire tsiku limenelo sanapondenso pakhomo panga. Asodzi asiya kutapa mbale ya sukulu, ati sangadyetse mitala ya Barnaba. A Padiri andiimitsa pa Mgonero mpaka mlandu udzamveke, moti Lamulungu ndimakhala kumbuyo pamodzi ndi ophunzira ubatizo. Anthu akuchokera mpaka midzi ina kudzasuzumira "mkazi wamng'ono," usipa uja, pa ming'alu ya chitseko, ena akubwera ndi ana omwe.

Zonsezo ndikanapirira. Koma amake Isaka sanakalipe, sanalire, ndipo n'zimene zikundiopsa. Anatula mtsuko, anaphika, tinadya. M'mawa mwake anamanga katundu. Ndinati, "Amake Isaka, mukudziwa bwino lomwe kuti mmenemuja muli usipa." Iwo anati, "Mphuno nili nayo, bambo a Isaka. Koma mkazi wa munthu ni amene amalowa nyumba zake zonse. Ine nimalowa imodzi." Anabereka khanda, uyo, ulendo wa kwawo. Ine ndikuona kuti ndi nsanje chabe, ngakhale nsanje yochitira nsomba sindinaionepo.

Nyumba yazizira, Aphungu, ndipo ndawasowa zedi. Mitambo yayamba kusonkhana, mvula ikangogwa usipa wonse uchita nkhungu. Kodi munthu amasudzula bwanji mkazi amene sanamukwatire? Ndipite ku posito ndikaulule? Nanga za sukulu tisonkhenso motani poti mbale yanga anthu ainyansidwa? Koma chachikulu, amake Isaka ndiwabweze bwanji?

B.M., Chiwanga

A B.M.,

Mwati kwanuko palibe amene amakumvetserani osaseka. Pepani, kunonso sanapezeke. Wosindikiza wathu anachita kutuluka panja kukapuma mphepo. Makalata a mitala ndimalandira ambiri, koma onsewo amakhala a amuna amene ali ndi mkazi wachiwiri n'kumakana. Inu ndinu woyamba kuvomera mkazi amene mulibe, n'kumulipiriranso msonkho.

Nzeru yanu ya mbale ya sukulu ndi yabwino, ndipo midzi ina imene ikuwerenga pano iitengere. Munthu umamupempha chimene ali nacho m'manja, pa nthawi imene ali nacho, anzake akuona. Mpaka pamenepo munali mutakhoza. Munapusa pamene munatenga chinthu cha mudzi wonse n'kukachitsekera kuseri kwa nyumba yanu. Chimene anthu asonkha chimafunika chizikhala poyera, osonkhawo azichiona chikukula, azichilozera alendo. Usipa uja ukanakhala pabwalo la sukulu, a Leonardo akanangogwira mphuno n'kudutsa.

Tsono za kunyumba. Mukuti ndi nsanje. Bwererani ku mawu a amake Isaka muwamvenso bwino, chifukwa mayiyu wakuuzani zonse, inu n'kumaganizabe za nsomba. Munawayesa wakuba pakhomo pawo pomwe, osawauza n'komwe. Mfungulo munaupachika pambali pa mtanda ngati Ambuye ndiwo anakulamulani, kenako n'kumausiyira mayi wina iwo akuona. "Eya" wanu uja anangolengeza pagulu chimene iwo ankachimeza m'mawa uliwonse. Chinawachotsa pakhomo ndi loko.

Choncho dzukani mupite ku Meluluca, ankhoswe anu ali patsogolo. Musatenge usipa wa mphatso, si wanu. Tengani lokoyo ndi mfungulo wake, mukaziike pansi pamaso pawo. Musakayambe kufotokoza za chikalata cha sitolo, palibe amene akuzifuna kumeneko. Mukanene mawu ochepa: kuti munawaganizira zoipa, munachita manyazi kuwauza, munalakwa, ndipo nyumba yazizira. Mawu omalizawa mwandilembera ine mosavuta, ine amene sindiphika kwanu. Kanenereni mwini wake. Apongozi anu adzalankhula nthawi yaitali, mwinanso adzakumbutsa zolakwa za agogo anu. Musakayang'ane dzuwa.

Mukabwerako, pitani kwa a Rakele ndi amayi akuluakulu a mpingo. Munthu amene mwamulakwira koposa ndi iwowa. Anabwera kudzagwira ntchito ya ana kwaulere, inu n'kuwakwatira pamaso pa asipayo osawafunsira. Mukapepese poyera, pamalo pomwe munanenera bodza lanu, anthu akumva. Tsache likabweranso musalizinde.

Za kusudzula iwalani, palibe ankhoswe a ukwati wa mtundu umenewo. Chofunika ndi kuchotsa nyumbayo. Itanani amuna anzanu anyamule denga lonse pamapewa akaliike pa nsanamira pabwalo la sukulu, makoma mugumule. Chisakasa chopanda makoma palibe kapitawo angachitche nyumba ya mkazi, ndipo usipa umakonda mphepo kuposa loko. Ku posito musathamangireko nokha ndi pakamwa panu potentha. Fotokozerani a Padiri zonse kuyambira pachiyambi, muwapemphe akufunsireni ngati katundu wa sukulu amafuna chikalata. Ine lamulo limenelo sindilidziwa, koma ndikudziwa kuti anyamata a pa sitima si ofunsako malamulo, aja amene amalumbira kuti anaona ng'ona ikusuta fodya. A Leonardo musawasungire chakukhosi: anafunsa, munayankha. Msonkho wa chaka chino muuyese malipiro a sukulu yanu inuyo, poti mwayamba kuphunzira ana asanayambe.

Tibwere ku zosonkha. Mwati anthu akuchokera midzi ina kudzasuzumira mkazi wamng'ono. Ndipo inu mukuwalola aone ulere? Bambo, manyazi mwachita kale, bola abale kanthu. Lengezani tsiku losamutsa denga. Itanani a mganda ndi amayi a chioda adzavine. Aliyense wofuna kuona mkazi wamng'ono wa a Barnaba abwere ndi chimene angathe, kaya chimanga, kaya chinangwa, kaya nkhuku, kaya mtolo wa nkhuni za mphunzitsi. Inu muvale malaya anu a Lamulungu, muime pakhomo, mutsegule chitseko ndi ulemu wonse, muwaonetse madengu. Munthu amene amatsinzina mbale ikamadutsa m'tchalitchi adzatsegula maso ndi dzanja lomwe kuti aseke mkulu wa mpingo. Mutumizenso uthenga ku Maniamba kuti atsike tsiku lomwelo ndi chimanga chawo, usipa uchoke mvula isanagwe.

Zikatha zimenezo, mbale ya sukulu muitule. M'manja mwanu yatha ntchito. Ipatseni amayi a mpingo, a Rakele ku mphika, amake Isaka ku madengu, ngati angavomere. Ndipo pagombe okaima ndi mbaleyo akhale amayi achikulire amene ana awo aakazi anakwatiwa ndi asodziwo. Ndikufuna ndidzamuone msodzi amene angauze apongozi ake kuti lero sizinaphedwe, bwato lili lodzaza kumbuyo kwake.

Chenjezo langa nali. Chaka chamawa a Leonardo adzabweranso, ndipo adzafunsa kuti mkazi wachiwiri uja ali kuti. Ndakuonani kuti mukapanikizika pakamwa panu pamathamanga kusiya mutu kumbuyo. Musadzati anamwalira, adzafuna manda ndi abale ake. Musadzayerekeze n'komwe kunena kuti munamugulitsa kwa anthu a ku Maniamba. Nyanja ino ikukumbukirabe nthawi ya ukapolo, pamene mawu amenewo sanali nthabwala, ndipo mudzakagona ku posito muli m'chingwe. Mudzanene zoona basi, mudzadabwa kuti n'zazifupi.

Amake Isaka akavomera kubwera, tsiku lina mudzaona mlamu wanu akuchoka pa chisakasa chija ndi kadengu kolemerako pang'ono. Yang'anani kunyanja. M'mawa mwake mutape mbale ziwiri m'bwato mwanu mubwezere ana, ndipo kunyumba mukaikambe nkhaniyo ndi pakamwa, mwaulemu. Mukadzangoyamba kufunafuna loko wanu uja, m'buku la Kampani mudzakhala muli ndi akazi awiri, kunyumba mulibe ndi mmodzi yemwe.

Aphungu