Msewu wa Apampu

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko. Kuno tilipo ndithu.

Nkhani yabwino ndi yakuti akhonsolo avomereza zomanga nyumba zogona ophunzira ku yunivesite, ndipo msewu watsopano wopita kumeneko aupatsa dzina la achimwene anu. Asankha dzina lija amawaitanira ophunzira akabwera ndi njinga zophwa matayala: Msewu wa Apampu! Amayi anakwiya, amvekere mwamuna wanga si pampu, koma tsiku loika chikwangwani anawomba m'manja kuposa aliyense.

Mtengo uja bambo ankakhala pansi pake pokonza njinga audula, poti msewuwo ukudutsa pomwepo. Iwo anangoseka n'kunena kuti, "Mthunzi andilanda, chikwangwani andipatsa." Akhonsolo akuti adzawapezera malo pageti nyumbazo zikatha chaka chamawa.

Pamwambo woika chikwangwaniwo bambo anaimirira nditawagwira mkono, ndipo dzulo ndabowolanso bowo lina pa lamba wawo, poti akungoonderaondera. Anati zimenezi ndisakuuzeni, ndiye tingoti sindinakuuzeni.

Bwerani mudzaone chikwangwanicho, Azakhali. Musadikire kuti nyumbazo zithe.

Ndine mwana wanu,
woyamba wa Apampu