Dzanja la Abambo M'chithunzi

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi. Kalatayi ndaijambula n'kutumiza pa foni ya alamu chifukwa inu simukundiyankha, ndipo ya abambo ndi yozima.

Mumandiseka kuti ndimalipidwa posewera pa foni. Lero mumve ntchito yakeyo. Timakhala m'chipinda chopanda mawindo, aliyense ndi kompyuta yake, kufufuza magulu a pa intaneti amene amauza odwala kuti asiye mankhwala a kuchipatala. Gulu akalitseka patsamba lina, limakatulukira patsamba lina ndi dzina latsopano, ife n'kulitsatira. Lamulo la abwana ndi lakuti tizingoona ndi kulemba, osayankhula, osaulula munthu.

Ine anandipatsa gulu la odwala shuga. Munthu akalowa m'gulumo amadzijambula akutaya mankhwala ake, anzake n'kumuyamikira kuti wamasuka. Kenako amangomwa madzi a masamba. Wina akati zii, osalembanso, mtsogoleri wawo amalengeza kuti wachira.

Ntchito yanga ndi kusaka oti ziiwo pamasamba ena. Achimwene, ndimawapeza. Nkhope yomweyo, koma amene waiika ndi mwana wake kapena mkazi wake, pansi atalemba tsiku la maliro. Mnzanga wa tebulo loyandikana ndi langa anasiya ntchito atatopa ndi kulirira kubafa.

Sabata yatha ndikuona zithunzi zakale za gululo, ndinapeza dzanja likukhuthula timabotolo ta jakisoni mu sinki. Nkhope sinaoneke. Koma sinki yong'aluka pakona ija ndingaisokoneze? Nanga chala chopindika chija, chimene makina osokera anabaya? Ndinakula ndikuchigwira powoloka msewu. Ndi dzanja la abambo.

Ndinathamangira kwa abwana. Iwo anati akumvetsa, koma ndikayankhula m'gulumo atitulukira, kafukufuku yense n'kufera m'mazira. Anati ndipume kaye. Kupuma! Ngati kuti shuga wa abambo nayenso apuma.

Sindinapume. Patsamba lina gululi limaonetsa amene walowetsa mnzake. Ndinkati ndipeza mnansi wina wodziwadziwa kuti ndimulalatire. Ndinapeza inu. Munalemba kuti mwatopa kuona bambo anu akudzibaya m'mawa uliwonse ngati chilango, ndipo mukufuna amasuke. Anthu anakutchani mwana wabwino.

Ndinakwiya, sindibisa. Koma ndikudziwa kuti amene mumakhala nawo ndinu, amene mumawadzutsa akagwa ndinu, ine ndimangoimba foni. Simunachite mwankhanza, munachita mwachisoni. Komabe mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiye yangayi muilandire: mwalakwitsa.

Tsopano mvetserani. Abambo asiya kulemba m'gulumo. Mu uthenga wawo womaliza anati ali ndi ludzu losatha ndipo maso akuchita chidima. Mtsogoleriyo anawayankha kuti ndi poizoni amene akutuluka, apirire. Dzulo walengeza kuti abambo achira.

Ndikuopa, achimwene. Mathero a mawu amenewo ndimawadziwa.

Chonde, mukangowerenga izi musafunse m'gulumo, musadikire kuti muone mmene adzukire. Atengereni kuchipatala, ndipo adokotala mukawauze zoona, kuti mankhwala anatayidwa. Manyazi tidzachita pambuyo. Abambo akakana, muwauze kuti chitsiriza chawo chagwada pansi. Akakanabe, anyamuleni, mphamvu muli nazo.

Za ntchito yanga musadandaule. Ndaphwanya lamulo polemba izi, akafuna andichotse. Ndinyamuka mawa, koma kutalika kwa ulendowu mukukudziwa, ndiye musandidikire.

Mulungu akusungeni nonse ndipo akupatseni changu. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana ndi kwa azakhali. Kwa abambo musapereke. Ndikufuna ndidzawapatse ndekha, andiyankhe.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza wa abambo