Amene Anazula Pulagi

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo bondo lija lasiya kukuvutani. Ine thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Munandifunsa kuti wotchi tikupanga kuntchitoyi ndi wotchi yanji yodya zaka zinayi osatha. Ilibe mivi, Amayi. Ndi tebulo lalitali lachitsulo, lodzaza timagalasi ndi mawaya. Pakati pali kabotolo momwe timaziziritsira maatomu, tinthu tosaoneka ndi maso, mpaka atayamba kutulutsa okha kuwala kosasinthasintha. Nthawi timawerengera pa kuwalako. Ngakhale kutsokomola timakatsokomolera panja.

Mwezi watha inayenda masiku khumi ndi asanu ndi anayi osaphonya, koyamba chiyambireni. Tinkafuna makumi atatu. Tsiku lotsatira, anzanga atapita kokadya, foni yanga inatha moto. Masoketi onse anali odzaza, ndiye ndinazula pulagi yakuda poganiza kuti ndi ya nyale. Kuwala kuja kunathima ndikuona.

Ndinabwezeretsa pulagi, n'kutuluka, n'kukakhala ndi anzanga ngati palibe chachitika.

Abwana atafunsa amene analowa m'chipinda cha wotchiyo, ndinati ndinaona mayi wokolopa m'kolido ndi ndowa yake. Kumuona ndinamuonadi, koma ndinkadziwa komwe mawuwo akagwere. Atamuitana anati zaka zisanu ndi ziwiri sanadutsepo chitseko chimenecho, chifukwa makinawo amawaopa. Anandiyang'ana kuti ndimuchitire umboni. Ine maso pansi. Lachisanu lake anamuchotsa ntchito.

Dzana ndinakumana naye pa siteji ya basi, atanyamula envulopu ya makalata ofunsira ntchito. Anayamba ndiye kundipatsa moni. Anafunsa ngati wotchi yathu inachira, nati zimamupweteka kuti ife ana ake tinakhetsa thukuta pachabe. Basi itabwera anati ndiyambe ine kukwera, ndisachedwe kuntchito.

Amayi, inu munakolopa maofesi zaka makumi awiri kuti ine ndivale jasi loyera. Ndikudziwa mmene munkabwerera kunyumba kanthu kakasowa pa desiki ya munthu. Ndinkadziwa zonsezo, koma ndinalozabe chala.

Lolemba ndikaulula kwa abwana pamaso pa anzanga onse, ndipo ndikapempha kuti mayiyo abwerere. Mwina andichotsa. Zikatero musandiikire kumbuyo kwa achibale, muwauze mmene zinalili.

Chondikanika ndi chimodzi. Komwe mayiyo amakhala ndakufufuza, koma kawiri konse ndabwerera pa geti. Ndikagogoda, ndiyambe ndi mawu ati? Ndiuzeni inu, chifukwa inu palibe anabwerapo kudzakupepesani.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu, ndi kwa azakhali. Mulungu akusungeni. Mukamapemphera, muyambe ndi mayi uja.

Ndine mwana wanu,
Chitsirizira