Timasipika Tanga Tating'ono

Loweruka madzulo, ku Bangwe. Lero mtima wakhala pansi.

Ndagula masipika ku Limbe. Wogulitsa amandikakamiza aakulu ofika m'chiuno, koma ndinakumbukira anga akale aja. Chinkhoswe chilichonse, maliro alionse, anthu ankangobwera kudzanyamula, mpaka anabwerako atang'ambika. Ndiye ndasankha tating'ono tapamwamba, tokhala pa shelefu. Timamveka bwino moti woyimba umamumva akupuma.

Ndikulumikiza mawaya, atulukira a Phiri, aneba athu, amene mwana wawo akukwatiwa mwezi wamawa. Ayang'ana, n'kupukusa mutu.

"Achimwene, akuberani. Timeneti tingamveke ngakhale pakhonde?"

"Zoonadi bambo, ndalakwitsa," ndinatero.

Atapita ndinatseka chitseko, n'kuika nyimbo yanga motsitsa. Ku ukwatiko ndidzavina ndithu, koma pa masipika a munthu wina.