Chisanu Changa Uchisenze Ndiwe

Chawama, Lusaka

Kwa mng'ono wanga Bornwell,

Kuno andidyetsa pa Chisanu. Ine Haswell, amene Magodi yonse idziwa kuti tsiku limenelo sindilawa kanthu mpaka dzuwa lilowe, andikhazika pampando ndi kundipatsa phala ngati khanda. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa zandikhala pakhosi. Tsopano monile. Muli uli kumeneko, iwe ndi alamu anga? Ng'ombe zikudya?

Akulemba ndi akamwini anga a Mathew, poti pa foni mkazi wawo, mwana wanga Justina, amamva zonse. Ndawauza kuti alembe mmene mawu akutulukila, asakometse. Kusukulu sindinapondeko, koma mutu ndi wanga.

A dokotala andipeza ndi shuga. Akuti mankhwala ake safuna m'mimba mopanda kanthu. Ine ndinangowamvela, Chisanu chitafika ndinasala monga kale. Masana ndinagwa pampopi, ndinanyamulidwa ndi anthu osandidziwa ndi dzina lomwe. Kuchipatala namwino wa msinkhu wa mdzukulu wanga anandikalipila, akuti ndikabwelezanso ndidzabwelela ku Lundazi m'bokosi. Kuyambila pamenepo mwana wanga Justina amaima pamutu panga mpaka mbale iyele.

Ndayesa, mng'ono wanga. Kwathu ndinkathawila kudimba kuti fungo la ndiwo lisandipeze. Kuno uthawila kuti? Kulibe galu, kulibe nkhuku yoti uitayile phala. Ndinalithila m'chitini cha maluwa, ntchentche zinandiulula.

Chiyambi chake uchidziwa. Tsiku lobadwa Justina, malemu amake NyaMtonga anataya magazi ambili. Tinawatengela kuchipatala pangolo, iwe ukukwapula ng'ombe. Ndinagwada m'ngolomo ndi kuuza Chiuta kuti akandisiyila onse awili, Chisanu chilichonse ndi chake mpaka ndidzafe. Iye mbali yake anasunga. Inenso yanga ndinasunga, pokolola, pamalilo, ngakhale tsiku lija unapha ng'ombe yoyela, nyama ikununkhila mudzi wonse.

Lelo mwana wa lonjezolo ndiye akugwila supuni. Ndipo ali ndi pakati, mwezi wake wayandikila, miyendo yatupa monga inatupila ya amake. Apa a Mathew aimitsa cholembela. Ndawauza apitilize, ndipo kwa mkazi wawo asanene kanthu.

Abusa a kuno anabwela kudzandiona, mnyamata wa nsapato zosongoka. Akuti Mulungu sachita malonda ndi munthu, njala ya wodwala saifuna. Kapena akunena zoona. Koma m'ngolo muja iwo sanalimo. Ine ndikagwada mimba ili yokhuta, mawu anga amagunda malata ndi kubwelela.

Ndasowa pogwila. Ndikasala ndigwa, ndikadya ndamunamiza Chiuta. Chibadwile chako sindinakupemphepo kanthu, udziwa wekha. Koma ng'ombe ikathyoka mwendo pagoli, timamangapo inzake ya m'khola lomwelo, munda sudikila. Ndikadzafa dzina langa ndi khola langa udzatenga ndiwe. Yambila pa ichi.

Ndidziwa kuti Chisanu ndiye tsiku lako lopalasa njinga kupita kuboma, kukakhala pamsika ndi nyama ya mbuzi yootcha. Usiye. Madzi umwe. Thobwa ndi chakudya, usadzinamize. Njala ikaluma masana, tenga khasu, upemphele ukulima. Imaluma kwambili dzuwa likapendeka, kenaka imagonja.

Upeleke moni kwa alamu anga, kwa mlongo wathu Lucia, kwa ana ndi adzukulu onse. Akulu a mpingo uwapatsenso moni, koma za phala asamve.

Bornwell, Chisanu chikubwelachi usadye. Dzuwa likalowa uimbe pa foni ya a Mathew, undiuze ndi pakamwa pako kuti wasala. Uzichita choncho mpaka Justina achile, mwana tim'mve akulila.

Ndine mkulu wako,
Haswell Zimba
Chala chili pansipa ndi changa.