Amayi Kunsi, Mkamwini Pamwamba

Bolton, England

Okondedwa achemwali anga a Emily,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mawondo a amayi aja asiya kutupa? Kuno tilipo, kungoti mimba yandikulira moti nsapato za kuntchito zikukana kulowa. Kuchipatala andiuza kuti ndiyambe kupuma mwezi wamawa.

Ndalemba kalata chifukwa ndikaimba foni amayi amakhala pambali panu, ndipo nkhani iyi sindingaiyambe iwo akumva.

Nyumba imene amuna anga a Willie ankamanga ija yatha, tasamukiramo. Musaganize za njerwa ayi. Ndi kanyumba ka matabwa kokhala pa ngolo ya matayala, koti galimoto n'kukakoka. Tinatopa nako kusamukasamuka, lero landilodi wagulitsa nyumba, mawa makoma anyowa mpaka kuda. Mlimi wina kunja kwa tauni watilola kukaimika kuseri kwa khola lake la nkhosa.

M'katimo mungaseke. Ukangolowa wafika kale kukhitchini, sinki yake ngati beseni losambitsira mwana. Tebulo limapindika n'kumamatira kukhoma. Masitepe okwerera pamwamba ndi madilowa, ukakoka iyi mapoto, ukakoka iyo matewera. Ukalipentala umene anaphunzira ku Nchesi sunawachoke a Willie, akaweruka kosamalira okalamba amagwira tepi yoyezera asanavule n'komwe jekete. Bafa lili kumapeto. Bedi lathu lili m'mwamba pansi pa denga penipeni, timalowamo chokwawa, ndipo kunsi kwake kuli mpando wautali umene umatambasuka n'kusanduka bedi la mlendo.

Mlendoyo ndi amayi, akabwera kudzandithandiza chikuta. A Willie anawakonzera malowo ndi mtima wonse, pafupi ndi mbaula, kuti asamakwere masitepe ndi mawondo awo aja. Tonse tinkangonyadira, mpaka Lamlungu lapitali pamene anamwino anzanga, a Nthanda a ku Bradford, anabwera kudzaona nyumba. Anayang'ana m'mwamba, anayang'ana pansi, kenaka anandifunsa ngati ndikufunadi kuti apongozi azigona kunsi, mkamwini ali pamwamba pa mutu wawo. Takhalitsa kuno mpaka taiwala zimenezi?

Inu mukuwadziwa amayi. Chikwatirane chathu sanadyepo pamodzi ndi a Willie. Ulendo uja tinabwera kumudzi anakumanizana panjira ya kumjigo, uyu analowa m'chimanga cha kuno, awo cha uko. Ngakhale pa foni ya vidiyo amaphimba nkhope ndi chitenje. Tsono muno mulibe chimanga chothawiramo. Munthu akamapita kubafa amakhudzana mapewa ndi amene akutsuka mbale.

Chiyambire tsikulo sindikukhazikika. Ndimangozungulira m'kanyumbamu ngati nkhuku yofuna poikira. Ndinati tiike katani, koma katani sachotsa munthu pamwamba pa mnzake. Ndinati amayi azigona m'mwambamo, koma adzakwera ndi mawondo ati? Ndinafika ponena kuti aphwasule zonse ayambirenso, ine amene ndatsala pang'ono kuchira.

A Willie akuti palibe vuto, mlendo ndi mame sachedwa kukamuka, iwo azikagona kwa mnzawo Herbert ku Manchester mpaka amayi adzabwerere. Ananena akuseka, koma dzanja lili pa kashelefu kamene anakhomera pambali pa bedi lathu kuti tizidzaikapo dengu logonamo mwana. Ndinakwiya, kenaka ndinalira. Mwana wawo woyamba, ndiye azibwera kudzamuona pa basi ngati mlendo? Komanso kuchira amayi palibe ndikuopa. Ana a eni ndawasamalira ambiri, koma wanga ndikufuna woyamba kumusambitsa akhale amayi.

Pempho langa ndi limodzi. Mng'ono wa a Willie, Kenani, abwera kumeneko ndi nkhuku ndi chitenje. Mutenge amalume, mukakhale pansi ndi amayi, muwapemphe alandire kuti alowane ndi mkamwini wawo monga timachitira kwathu, azitha kulankhulana ndi kudyera pamodzi. Ndikudziwa kuti ena amadikira ana awiri atatu, koma ife malo odikiriramo tilibe. Muwafotokozere nyumbayi mmene ilili, musaikongoletse, bedi la pamwambalo mulitchule ndithu.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali, kwa alamu, ndi kwa ana onse. Amayi muwauze kuti juzi ndawagulira kale.

Nkhukuyo akailandira, mungondiimbira n'kunena kuti yaphikidwa, ndimva. Akaikana musandibisire. Chikwama cha a Willie chili kale pakhomo, m'mawa uliwonse ndimachikankhira kunsi kwa mpando, iwo akabwera amachitulutsanso.

Ndine mng'ono wanu,
Clara