Kasupuni Kopindika ka Malemu

14 Juni

Okondedwa Achemwali,

Kalata yanu ndinailandira. Mukufunsa ngati ndikudya ndi kugona. Ndikudya, ndikugona. Chiwaikireni m'manda bambo a ana sindinalirebe, ndipo anthu atopa kundiyang'ana m'maso kudikira misozi. Ndimadzuka, kusesa, kutungira nkhumba madzi, tsiku n'kutha.

Mwati ndigulitse nkhumba ndibwere kwanuko chifukwa mphumu yanga yayambiranso. Adokotala nawonso anena zomwezo, kuti pakati pa ine ndi khola wina achoke. Ndiloleni ndikuuzeni kaye momwe zayendera.

Mukukumbukira momwe ndinkawasekera malemu pa chakudya cha nkhumba? Anzawo amakhuthulira soya wambiri m'madeya. Iwo ankathira pang'ono chabe, kenako n'kuwonjezera timaufa toyera ta m'mapaketi, akuyeza ndi kasupuni kopindika kaja. Ankati timaufato ndi ma amino asidi, tizigawo ta zomanga thupi timene nkhumba imafunadi, ndiye soya wambiri ndi wongotaya. Ine ndinkawatcha Akuumira, ngakhale pamaso pa alendo. Ankangomwetulira. Inu munkawadziwa, mawu tinkachita kuwazula m'kamwa.

Maliro atatha, mng'ono wawo anabwera kudzathandiza kukhola. Ataona kasakanizidwe ka chakudyacho anati achimwene ake ankamana ziweto. Mapaketi aja anawakankhira kuseri kwa matumba, n'kudzaza soya. Sindinakane. Masiku amenewo ngakhale akanati tizidyetsa nkhumba mchenga ndikanavomera. Nkhumba sizinanenepe kuposa kale, koma fungo la mkodzo lija lolasa m'mphuno linafika mpaka kuchipinda. Ndinatseka zenera, komabe chifuwa chinayamba kulira ngati kamwana ka mphaka.

Mwezi watha ndinapita kusitolo ya zakudya za ziweto kukagula madeya. Mayi wogulitsa atandipepesa, anafunsa chifukwa chimene tinasiyira kugula timaufa. Ndinati izo zinali za kuumira kwa malemu. 

"Mayi, amuna anu sanabwere kudzafunsa zotchipa," anatero. "Anafunsa chochepetsa fungo la khola. Anati akazi anga akulephera kupuma."

Anandifotokozera kuti zomanga thupi zimene nkhumba yadya mopitirira zimatuluka mu mkodzo, n'kusanduka fungo lija. Achemwali, mphumu yanga inaleka chaka chomwe malemu anayamba timaufato. Ine ndinkayamika mapiritsi a kuchipatala, mwinanso ndinakulemberani choncho. Iwo ankamva ndikuyamika mapiritsiwo, ali phee, akumwa tiyi.

Ndinamuthokoza mayiyo, ndinasenza thumba, ndinabwerera. Sindinamve kalikonse, miyendo yokha ndiyo inkayenda.

Kasupuni ndinakapeza kukhitchini. Wina anakatsuka nthawi ya maliro n'kukaika pamodzi ndi masupuni a tiyi. Muyezo wake anandiuza mayi uja, ndipo ndimasakaniza ndekha m'mawa, pa chigubu chodulidwa pakati chomwe iwo ankasakanizirapo. Manja anga sanazolowere, ufa umandithera m'zikhadabo. Alamu aja, mng'ono wa malemu, ndawathokoza, ndawauza kuti khola ndiliona ndekha. Anyanyala, koma adzabwera akamva njala ya nkhani.

Choncho sindibwera, Achemwali, ndipo nkhumba sindigulitsa. Musakwiye. Fungo lazilala, chifuwa chikulirabe pang'ono ndikakwera chitunda cha kuchitsime. Adokotala ndikawaona mwezi wamawa, akandiyezenso. Ngati mungapeze kabotolo kopopera m'kamwa kaja, nditumizireni, kanga katsala pang'ono kutha.

Mupereke moni kwa alamu anga a kumeneko ndi kwa ana onse. Wamkuluyo mumuuze kuti nkhumba yake ya mawanga ija yaswa. Kuno tili bwino, palibe chodandaulitsa. Dzulo ndinatsegula zenera la kuchipinda. Mpweya ukulowa bwinobwino, umayamba wadutsa mbali imene iwo ankagona, kenako n'kundifika ine.

Ndatha ine,
Mng'ono wanu